Maasita a Mayi Threlfall

Anandipatsira pamwamba pa mpanda, mu jumbo yong'ambika,
chibuma cha dothi ndi mizu, m'mwezi wa Malichi,
mvula ya ku Accrington ikutilowa m'makolala.
"Awa ndi maasita," anatero Mayi Threlfall.
"Musawayembekezere msanga."
Ndinathokoza monga mmene timathokozera mphatso
yomwe sitikudziwa ntchito yake.

Nyengo yonse yotentha anangokhala masamba.
Kwa anzathu marozi, kwa anzathu chikasu ndi kufiira,
kwa ine tchire lofika m'mawondo.
Ndaziona, mwana wanga, ankaseka:
Amayi, mwayamba kuweta udzu?
Ndikanazula, ndifesepo mpiru,
koma mayi aja ankandionera pawindo la kukhitchini.

Juni atangolowa anabwera ndi sizasi
nadula nsonga zonse, osapempha.
Mtima wanga unachita kuti myuu.
"Mukawadula amachedwa," anati, "koma sagwa ndi mphepo."
Anandiphunzitsa kuthirira patsinde, osati pamasamba,
kuopa nkhungu yoyera ija yonga ufa wotayika,
kuzika timitengo nthambi zisanalemere,
kutola nkhono ndi tochi
ndikamaweruka m'bandakucha, yunifolomu ili m'thupi,
mapazi akulira.

Ndiye Okutobala.
Dzuwa layamba kuweruka msanga kuposa ine,
marozi a anzathu asanduka minga yokhayokha,
ndikutsegula chitseko chakumbuyo kuti nditaye zinyalala:
mbuu!
Timaluwa mazanamazana, diso lachikasu pakati,
njuchi zotsala zikudya mwaphuma
ngati anthu ofika msika ukutsekedwa.
Mtundu wake ndinaudziwa.
Ndi wa jakaranda wa pamsewu wopita kuchipatala ku Dedza,
mwezi womwewu, kutentha kokha ndiko kwasowa.
Ndinaima pomwepo, bini m'manja,
mpaka tiyi anazizira patebulo.

Papita zaka zisanu ndi chimodzi.
Nyumba yawo anagula ena, munda anauthira simenti,
pamene panali maluwa pamagona galimoto.
Mayi Threlfall ali m'chipinda chachinayi
kunyumba ya okalamba komwe ndimagwira ntchito.
Ndimawasambitsa, ndimawapesa.
Amanditcha Maureen, dzina la mng'ono wawo.
Ndinasiya kuwakonza.

Chaka chino ndinafukula chitsa ndekha,
mafoloko awiri msana ndi msana monga ankachitira,
ndinachigawa panayi.
Pakati panali pouma, pokalamba; paja timataya,
timabzala zam'mphepete.
Dzanja linazengereza.
Ndinapakwirira kuseri kwa shedi, pena n'kuphuka.

Dzulo usiku anabweza mawotchi ola limodzi.
M'mawa chisanu chinali chitayera pa kapinga
koma iwo ali chiimire, mitu yonyowa.
Ndinathyola odzaza dzanja,
ndinawaika m'botolo la jamu pafupi ndi bedi.
Anawayang'ana nthawi yaitali, osaphethira.
Ndinaganiza kuti apita kutali, kumene amapita masiku ano.
Kenako anatambasula dzanja lonjenjemera,
osakhudza duwa ayi,
anatembenuza tsamba limodzi,
nalipukuta ndi chala, nachiyang'ana chalacho.

"Maureen," anati,
"mwakhala mukuthirira pamwamba."