Pepala Lokulungira Tomato

Pa Mbare andikulungira tomato
m'nyuzi ya chaka chatha.
Pomwe padadontha madzi ake
pali khanda la ku Mangalande, tsaya lanyowa.

Ndawerenga ndili pamzere ku Makombe.
Akuti lisanamere dzino linali kale kalonga,
mwini dera lomwe silidapondeko,
mayina ndondondo ngati ngolo za sitima.
Lidabadwa, mizinga nkulira.
Ngakhale kulowa ufumu ati kuli mzere,
koma wawo amaima ali m'tulo.

Wanga ali kumsanaku, Tinyade,
miyezi isanu ndi inayi,
boma silinamvebe kuti adafika.
Kalaliki wafunsanso pawindo:
agogo ake adabadwira kuti?
Ku Ntcheu, bambo.
Adabwera wapansi kudzaphikira azungu ku Highlands,
zaka makumi atatu akupukuta fumbi
pa chithunzi cha banja lomweli.
Bwerani Lolemba ndi mboni.
Mboni zathu zidagona ku Mbudzi.

Basi, pansi pa mtengo wa jakaranda
ndammasula, ndamukhazika pamwendo,
ndamlonga ndekha:
iwe Nambewe,
mwini beseni lobiriwira,
mfumukazi ya chipinda chachitatu ku Matapi,
wolamula tulo ta anthu asanu ndi awiri,
iwe amene ukatsokomola
mpaka alendi a pamwamba amazimitsa wailesi.

Sadayamike.
Wangotsomphola pepala lija,
wang'amba pomwe panali chisoti,
waika m'kamwa.
Tomato mmodzi wagubuduka
kulowera ku msewu wa makombi.