Makilomita Makumi Anayi ndi Awiri

Ndine mzime. Nsapato zinkandipeza zitatopa kale,
malaya a sukulu atadutsa mwa akulu anga atatu.
Ndiye Lachinayi lija ku Zaragoza,
nditasainira ngongole ya zaka zisanu ndi chimodzi,
ndinkangofuna ziro.
Ziro basi.

Mapulasitiki akadali pamipando,
fungo la chinthu chosadziwa thukuta la munthu.
Kungoliza injini, kawotchi ka mtunda n'kuyaka:
42.

Anselmo wogulitsa anawongola tayi.
"Mayi, galimoto siibwera yoberekedwa kumsana.
Kufakitale amaiyesa mabuleki,
padoko wina amaitsitsa m'sitima,
wina n'kuikweza palole."
"Zonsezo n'kukwana makumi anayi?"
Anayang'ana kudenga.

Mpando unali wokankhidwira kumbuyo,
malo a munthu wa miyendo italiitali.
Wailesi inadzidzimukira pa mpira.
Pansi pa chiwongolero, khoko limodzi la mpendadzuwa,
loswedwa ndi mano, mwaluso.

Ndinalitola ngati umboni,
woti ndikauponye patebulo la bwana wake
mayuro atsikeko.
Koma m'maso mwanga munabwera mnyamata wa padoko,
usiku, jekete yonyezimira,
woyendetsa magalimoto zana patsiku, yake alibe,
akuba mphindi khumi, zenera lotsekula,
timu yake ikugoletsa.

Ndinafumbata dzanja.
Anselmo anawonjezera makapeti aulere, osandiyang'ana.

Ndinakoka mpando mpaka phazi litafika.
Pamlatho wa Ebro mphepo inatikankha pang'ono,
42 n'kusanduka 43.
Imeneyo ndiye yanga.
Khoko lija likadali m'kabokosi ka kutsogolo,
pamwamba pa mapepala a ngongole.