Pindani Maondo

Lolemba lililonse ku Kettering,
m'chipinda chonunkha kapeti wonyowa ndi khofi wa m'makina,
ndimaphunzitsa anthu khumi ndi awiri kunyamula nkhalamba.
Pindani maondo, ndimatero, osati msana.
Muuzeni kaye munthuyo chomwe mukufuna kuchita.
Chidole chathu choyesererapo ndi Bambo Harold,
alibe mano, sadandaula,
tawagwetsa kasanu chaka chino koma sanatisumire.

Ioana wa ku Romania amanjenjemera manja.
Ndimamudikira. Kudikira ndiyo ntchito yanga,
amandilipira pa ola kuti ndidikire.
Akalakwitsa kachitatu ndimati,
bwerezanso, palibe anabadwa akudziwa,
mawu anga ali ofewa ngati papaya wakupsa.
Pomaliza onse amadzaza pepala la ndemanga,
tinkhope tisanu, kuyambira kokwinya mpaka koseka,
ine n'kukolola toseka tokhatokha,
n'kutisunga m'fayilo ya buluu.

Tsiku lija basi inanditula mdima utagwa kale,
mdima wa kuno wosadikira folo koloko.
Sungeni anali pa sitepe, zingwe za nsapato zili mbwee,
mawa kusukulu kuli mpira, aphunzitsi akana zomata.
Ndinamuonetsa kamodzi. Kawiri.
Kachitatu n'kuti mawu ofewa aja
nditawasiya ku ofesi pamodzi ndi baji.
Iwe, m'mutumo muli madzi kodi?
Ndinalanda nsapato, ndinamanga ndekha kuti thi,
poti mpunga unkapserera, makina ochapira ankalira,
amayi ake ali shifiti ya usiku kuchipatala.

Pogona ndinapeza pa pilo
pepala lobedwa m'chikwama changa.
Dzina la mphunzitsi: Adadi.
Anazunguliza kankhope kapakati,
kaja ka mlomo wowongoka ngati rula.
Pamene pamafunsa kuti tingakonze chiyani
analemba m'Chingerezi chake chopendekeka,
ndipo ndikumasulira muno mtima ukuwawa:
Amafulumira. Sauza kaye munthu.
Manja awo ndi aakulu, sindiona chomwe akuchita.

Ndinakhala m'mphepete mwa bedi, paipi yotenthetsa nyumba ikugogoda.
Bambo anga ku Luchenza anandiphunzitsa njinga
pongondikankha pa chitsikiro cha kudepoti n'kutembenuka.
Chipsera chidakalipo pa bondo lamanzere.
Ndinkayesa ndinawasiya ku Chileka akubayibitsa,
kani anakwera nane ndege,
anabisala pakhosi panga zaka zonsezi
kudikira mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri.

M'mawa sikisi koloko,
chisanu chitayeretsa magalasi a galimoto za eni,
ndinapinda maondo pafupi ndi chitseko,
kumbuyo kwake, osati kutsogolo,
kuti dzanja langa lamanja likhalenso lamanja kwa iye.
Ndinamuuza kaye. Ndinaonetsa pang'onopang'ono.
Kenako manja aakuluwo ndinawakhalira.
Panga kakhutu, kazungulize, lowetsa pa bowo.
Inamasuka.
Inamasukanso.
Basi yanga inadutsa, ndinaimva ikupumira pakona.
Anandiyang'ana kuti aone ngati mvula igwe.
Ndinameza bambo anga ndi malovu omwe.
Fundo yachisanu ndi chimodzi inagwira,
yopotoka, chingwe chimodzi chitalendewera ngati mchira wa khoswe.
Zala zanga zinayabwa kufuna kuikonza.
Anatuluka nayo momwemo.

Ku ntchito ndinachedwa mphindi makumi awiri.
Ndinapeza Ioana atayamba yekha,
atagwada, akunong'oneza Bambo Harold m'khutu la pulasitiki:
ndikunyamulani tsopano, musaope.
Sindinalowe msanga. Ndinaima pakhomo ndi jekete yonyowa.

Pepala lija silili m'fayilo ya buluu.
Lili m'thumba la jekete, lapindika panayi, layamba kuthetheka.
Sungeni akuti adzandiyesanso Lachisanu,
akuti tikayambe kuluka tsitsi,
ndipo wandichenjeza kale
kuti kankhope koseka sapereka wamba.