Zitsulo za ku Doncaster

Ndimalowa m'jimu hafu pasiti sikisi,
yunifolomu ya usiku ili m'chikwama,
kunja kamvula ka ku Doncaster, kaja kosamveka padenga koma konyowetsa,
mabasi akuyasamula pa siteshoni.

Muno muli amuna awiri osamwerana madzi pa nkhani ya zitsulo.

Gethin, wa khosi ngati chitsa,
amati seti imodzi yokha, koma ufe nayo.
Kankha mpaka mikono inthunthumire,
mpaka chitsulo chiime pakati pa njira
ngati minibasi yothera mafuta pa chitunda,
ndipo pamenepo, akuti, kankhanso.
Minofu ndi yogontha, imamva ukaikalipira.
Ndinamuonapo atafiira ngati phwetekere,
mitsempha ya pachipumi ili tolotolo,
kenako n'kugona chagada pansi
kuwerenga magetsi a kudenga.

Tariq sachita phokoso.
Ali ndi kabuku kothimbirira ndi thukuta
momwe amalembamo maseti a sabata yonse:
khumi ndi awiri a chifuwa, khumi ndi anayi a msana.
Amatula chitsulo mphamvu zidakalipo,
pomwe akanatha kukankhanso kawiri kapena katatu.
Amati siyako za mawa,
wokazinga mbewu yonse lero adzadzala chiyani?
Gethin amamuseka: iwe umabwera kudzacheza ndi zitsulo.

Onse awiri amandikoka malaya.
Nyozani, uli mbali iti?

Ine ndimangomanga zingwe za nsapato.
Sindiwauza kuti usiku wathawu
ndatembenuza Bambo Ackroyd kasanu
kuti zilonda zisamere pamsana pawo,
ndakhazika Mayi Pargeter pa mpando, kuwadzutsa, kuwakhazikanso,
makina onyamulira anthu atatha batire.
M'chipinda nambala naini mulibe kalilole.
Palibe amene amawerenga.
Kumeneko kulephera n'koletsedwa:
mikono ikakana
chimene chimagwa si chitsulo,
ndi munthu wa zaka makumi asanu ndi anayi
amene amakuitana ndi dzina la mwana wake.

Komabe Lachisanu lina ndinayesa za Gethin.
Makilo makumi asanu ndi atatu pa benchi.
Ulendo wachisanu ndi chimodzi chinakwera monyinyirika,
wachisanu ndi chiwiri chinaima pamwamba pa nthiti,
ine kukankha, icho kukana,
m'makutu ngati mwalowa njuchi.
Ndinamva china chake chikumasuka mkati,
osati mnofu ayi,
koma chija ndinachifumbata kuchokera pa bwalo la ndege,
chija chimati usagwe, kwanu akudikira ya fizi.
Gethin anaika zala ziwiri pansi pa chitsulo
n'kunena, ndachigwira, siya.

Ndinasiya.
Zaka zinayi m'dziko lino
palibe anandiuzapo mawu amenewo.

Za kakulidwe ka minofu sindikudziwa.
Tariq akuti manambala ali kumbali yake,
Gethin amangopinda mkono n'kuloza.
Malaya anga ayamba kuthina m'mapewa,
mwina ndi zitsulo, mwina ndi Bambo Ackroyd, mwina ndi tchipisi.
Lolemba ndi Lachitatu ndimatsata kabuku,
ndimasiyako za mawa, pakuti mawa kuli shifiti.
Lachisanu ndimayamba ndaunguza ngati Gethin wabwera
ndisanawonjezere chitsulo.