Kope la Masamu

Kope ili linali la masamu a Fomu 2.
Masamba akumbuyo ndiwo anatsala,
ndipo m'menemo ndimalemba zimene adya abambo.

Lolemba m'mamawa: phala losefa, masupuni asanu ndi atatu.
Lakhazikika.
Cha m'ma teni: dzira lowiritsa, theka.
Lakhazikika.
Masana: peyala lakupsa kwambiri, mphatso ya a Nangozo.
Nkhope yawo inayaka ngati mbaula,
mtima gu gu gu,
maulendo anayi kuseri kwa nyumba.
Ndaika mtanda pambali pake.

Ku Blantyre adokotala anatchula dzina lalitali
lomwe tinaliiwala tisanafike pa depoti.
Namwino ndiye anatimasulira:
kachotupa m'matumbo, kokula mwakachetechete,
kothira ululu wake m'magazi
chakudya china chikakaputa.
"Pang'onopang'ono, kasanu ndi kamodzi pa tsiku.
Zamafuta ayi. Tsabola ayi. Zosasa ayi. Mowa..."
Apa anayang'ana abambo,
abambo anayang'ana kudenga.

A Nzunga amenewa,
amene pa ngoma fumbi la Tsangano linkawadziwa mapazi,
amene ankati Mngoni wopanda nyama ndi chipanda
ndi chishango chopachika pakhoma,
lero ndawaboolera lamba kachitatu.

Loweruka pa msika tchipisi ili m'chiwaya, ikununkhira.
Ndimawadutsitsa mbali ya makabichi.
Amadziwa. Sanena kanthu.

Khungu la m'khosi litayamba kuda ndi kusuwa
azakhali anati ndi zaanthu.
Namwino anati ndi njala yobisala,
thupi likubedwa ndi kutsegula m'mimba.
Tinapha nkhuku yoikira mazira,
ndinasenda chikopa, ndinayengula mafuta,
nyama yoyera ndinainyenya ngati ya mwana woyamba kudya.

Usiku wa Juni uno chisanu chikulowera pansi pa chitseko.
Ndasungunula thanzi m'botolo, ndaika kumutu kwa mphasa.
"Tafadzani," akutero mumdima,
"kodi mitanda yachuluka kuposa zokhoza?"
Ndawerenga ndi tochi ya foni.
Mitanda khumi ndi isanu ndi iwiri. Zokhoza makumi awiri.
"Ndiye kuti ndakhoza mayeso."

M'mawa kachewere wa m'munda mwawo,
wowiritsa, wokanya, kamchere pang'ono.
Anadya, tinadikira.
Dzuwa linafika pa khola, tikudikirabe.
Kenaka anandilanda cholembera
nachonga okha,
mzere wautali mpaka kutuluka m'tsamba.