Nyali Yofiira

Tinanyamuka tambala wachiwiri asanalire,
ana makumi atatu a giredi 11
m'basi ya mipando makumi awiri ndi isanu.
Amayi anagulitsa matini awiri a nshawa
kuti dzina langa lilowe pa pepala la ulendo.
Nsapato ndinabwereka kwa Dailesi,
ndipo zinandiluma chidendene kuchokera ku Chadiza mpaka pa phula.

A Njobvu, aphunzitsi a Jogalafe,
ankaloza mapiri ndi lula pa windo:
"Lembani! Miyala iyo ndi yakale kuposa mitundu yanu yonse."
Tinalemba mokhotakhota, basi ikudumpha.
Lazalo anasanza kawiri, kenako n'kupempha chitumbuwa.

Chipata anatulukira pakati pa mapiri
ngati lichero lodzaza malata,
njinga zonyamula anthu zikulimbirana msewu ndi mabelu.

Ku nyumba ya wailesi anati tizimitse mafoni.
Ife opanda mafoni tinaseka.
Makoma ovala siponji, kuzizira ngati mumtsuko.
Mayi Shawa, amene mawu awo amakhala pa windo lathu madzulo alionse,
anali aafupi, magalasi omanga ndi ulusi wakuda.
Ine ndinkayesa ndi aatali.

"Ndani atiwerengere nkhani za umoyo m'madera?"
Zala zonse zinagwera pa ine,
mlandu wanga wokhoza Chinyanja.
"Nyali yofiira ikayaka, mwanawe,
Kum'mawa konse kwatchera khutu."

Inayaka.
Ndinawerenga za sikelo ya ana Lachinayi,
za maukonde a udzudzu amene afika pa kiliniki,
chonde musawasandutse mpanda wa dimba,
za katemera wa agalu, za amayi oyembekezera
kuti asadikire mwezi wachisanu ndi chiwiri.
Lilime linkayenda ngati njinga yotsika mtunda
mpaka pa mzere womaliza:
"Mjigo wa m'mudzi wa Kamphasa wakonzedwa,
ndipo anthu ayambanso kumwa madzi aukhondo."

Kamphasa ndi kwathu.
Dzulo lomweli ndinatunga pa dambo
pamene ng'ombe za a Miti zimaponda,
n'kusefa madziwo ndi chitenje.
Mlongo wanga Yobe wagona masiku atatu,
akumwa madzi a mchere ndi shuga pa supuni.
Chogwirira cha mjigo chili lende chithereni mvula,
ana amachita katungwe pamenepo.

Chete wa pa wailesi ndi wolemera.
Mayi Shawa ankazunguza chala m'mwamba: pitiriza, pitiriza.
Kuseri kwa galasi a Njobvu anagwira lula ndi manja awiri.

"Pepani omvera," ndinatero,
"pepalali likutero ndithu.
Koma ine ndachokera komweko m'mawa uno.
Anabwera ndi galimoto, anajambula zithunzi,
anazula mapaipi kuti akawaone bwino.
Mpaka lero."

Nyali inazima. Analowetsa nyimbo.
Mayi Shawa anavula magalasi, n'kuwapukuta nthawi yaitali.
Sanandikalipire, sananditame.
Anangofunsa kuti, "Kamphasa ali mbali iti ya mtsinje?"
n'kulemba pa chikhato chawo.

Pobwerera anzanga anaimba mpaka mawu kusasa.
A Njobvu sanandiyang'ane mpaka phula litatha,
pamene anandipatsira botolo la maheu kudzera pa mitu ya ena.
"Mu lipoti lanu," anatero kwa tonse,
"musaiwale za mapiri."

Ndinafika nyenyezi zitatuluka, nsapato m'manja.
Amayi anali pakhomo, wailesi ili pa miyendo,
mabatire atawayanika kale pa mwala kuti agwirenso mawa.
"Umathamanga powerenga," anatero, n'kundisunthira mpando.
Yobe anadzutsa mutu pa mphasa:
"Unakwanamo bwanji m'menemo?"

M'mawa ndinatenga ndowa, kulowera ku dambo.
Podutsa pa mjigo ndinapeza amayi anayi ataima,
ndowa zopanda kanthu, osalankhula,
onse akuyang'ana ku msewu.