Womata Matayala wa pa Zobuwe

Khalani pa njerwapo, alendo, jeke wagwira kale.
Msomali wake ndi uwu. Kachepa, eti?
Koma kakukhazikani pansi, inu ndi galimoto yanu yonse.
Pamene guluu akuuma ndikuuzeni za msewuwu,
poti zaka khumi ndi zinayi ndili m'mbali mwake
ndipo fumbi lake ndi limene landiyeretsa nsidze.

Kuno timayenda kumanzere.
Kaya kwanu n'chimodzimodzi, kaya ayi,
dzanja limaiwala mutu ukatopa,
makamaka m'mamawa potuluka kogona alendo
msewu uli zii, wopanda wokukumbutsani.

Lamba mangani. Mayi ali kumbuyowo amangenso.
Mapepala akhale pafupi,
laisensi, inshuwalansi, ndi aja akudindirani pa chipata.
Wapolisi wa malaya oyera akakweza dzanja
patukani bwinobwino, yambani ndi moni,
bondiya sagula.
Akakulipitsani, pemphani lisiti.
Timakona tofiira tija muli nato tiwiri?
Jekete yonyezimira?
Musaseke.
Masamba othyola patchire n'kuyala pamsewu
usiku saoneka, ndipo mbuzi zimadya.

Kuchoka pano n'kutsetsereka.
Kamphepo aka mukasiya pa Musakama,
kutsogoloko ndi ng'anjo,
phula limafewa masana
ndipo tayala lodyeka limalira ngati mfuti.
Thanki ya mafuta ikakutsekerani pachitunda, pirirani,
idyani utsi wake,
kuona maso a nkhono n'kudekha.
Chimene chabisala kuseri kwa khona
nachonso chili ndi changu ngati inu.

Mbuzi za ku Tete sizinaphunzire zikwangwani.
Ikaoloka imodzi dikirani, ana ali m'mbuyo.
Wanjinga wa matumba atatu a makala sangacheuke,
hutala yanu ingomugwetsa,
mupatseni malo.
Shapa imaima pamene wokwera wakweza chala,
osati pamene inu mukuganiza.
Polowa m'tauni chikwangwani chikati sikisite
ndi sikisite,
ngakhale pansi pa mlambe pasakhale wa malaya oyera.
Ku Moatize sitima ya malasha ndi yaitali ngati maliro a mfumu.
Iwerengeni mabogi, musapikisane nayo.
Ndipo dzuwa likapendeka funani pogona.
Nyali imodzi imene ikubwera mumdima
mudzati ndi njinga yamoto,
pamene ndi lole ya diso limodzi.

Galasi ili ndimametera ndevu.
Linachoka pa galimoto ya bambo wina, Gervásio dzina lake,
anakhala pa njerwa yomweyo,
foni kukhutu, phazi likugunda pansi,
akuti ukwati wa mphwake uyamba thu koloko
kutsidya la Zambezi.
Ndinamumatira bwino.
Madzulo ake ndinapita ndekha kukaona.
Galimoto ili chagada m'khwawa,
tayala langa lili m'mwamba,
mpweya wake wonse ukadali momwemo.
Ndinalipanikiza ndi chala, lili gwa,
ndipo sindinadziwe kuti ndinyadire kapena ndilire.

Za ndalama, mametikali zana limodzi ndi makumi asanu.
Makwacha ndilandiranso, pano ndi pamalire.
Chotsala mukalipire kutsogoloku:
mukapitirira kamlatho pali sukulu yopanda mpanda,
aweruka posachedwapa.
Pali kamtsikana ka chikwama chofiira chong'ambika lamba,
Ilda, wachiwiri kubadwa wanga.
Kamathamanga kaye, kuyang'ana pambuyo.
Ndakalipa, mayi ake akalipa,
koma zaka zake ndi zisanu ndi ziwiri.
Pamenepo chotsaniko phazi.

Taonani, ndalavulira pa valavu,
thovu palibe.
Ndimange manati, ndichotse mwala kutsogoloku.
Masawu a ku Tete ndi okoma, mukagule pobwerera.
Mudzaimbeko hutala kamodzi podutsa
ndidziwe kuti munafika.